Chakudya Chotsala M'madzi Chimasanduka Chiphe: Phunziro kwa Alimi a Nsomba

Alimi a nsomba a m'boma lino anamva nkhani yomwe mlangizi wa zausodzi anakamba pa za kasamalidwe ka madzi a m'madamu. Nazi mfundo zikuluzikulu za nkhaniyo.

Mlangiziyu anayamba ndi chitsanzo cha kutali. Iye anati m'maiko a ku Ulaya ndi ku America muli anthu omwe amaweta nsomba za m'nyanja yamchere m'mathanki agalasi m'nyumba zawo, monga momwenso ena amawetera mbuna zochokera m'nyanja ya Malawi. Chomwe chimawasowetsa tulo anthuwa ndi mchere wina wosaoneka ndi maso wotchedwa nitrate. Madzi amatha kuoneka oyera mbee, koma nsomba n'kumafooka, kusiya kudya ndi kugwidwa matenda, ndere nazo n'kumayanga pagalasi ponse.

Pofotokoza gwero la vutoli, iye anati nsomba ikadya, thupi lake limasunga gawo lochepa chabe la nayitirojeni wa m'chakudyacho, pafupifupi limodzi mwa magawo atatu kapena anayi. Wotsalayo amabwerera m'madzi ngati amoniya, yemwe amachokeranso ku ndowe ndi ku chakudya chowolera pansi. Amoniya ndi chiphe choopsa. Mabakiteriya ena amamusandutsa nitrite, yemwenso amalepheretsa magazi a nsomba kunyamula mpweya wa okosijeni, ndipo ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate. Nitrate sapha msanga ngati anzake awiriwo, koma m'thanki yotsekeka alibe kolowera, choncho amangounjikana.

Njira zomwe oweta a m'mathanki amatsata, anapitiriza motero, ndi zinayi. Amachepetsa chakudya kuti nsomba zizichimaliza m'mphindi zochepa. Sachulutsa nsomba kuposa kukula kwa thanki. Amadzala udzu wa m'nyanja m'kathanki kapadera kuti uziyamwa nitrate, ndipo ukakula amauzula n'kuutaya. Pomaliza, amasintha madzi pang'onopang'ono, kawirikawiri magawo 10 mpaka 20 pa 100 aliwonse pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Masamu ake ndi osavuta: ngati muli mamiligalamu 80 pa lita imodzi, kuchotsa kota ya madziwo n'kuthiramo abwino kumatsitsa mlingowo kufika pa 60 basi. Kusintha madzi onse tsiku limodzi kumadzidzimutsa nsomba ndipo kungaziphe. Vuto lomwe launjikana kwa miyezi silitha ndi tsiku limodzi.

Atatero, mlangiziyu anatembenukira ku madamu a kuno kwathu, momwe alimi amaweta makumba, chilunguni, chambo ndi milamba. Iye anati ngakhale madzi athu si amchere, lamulo lake ndi lomwelo: chilichonse chomwe mlimi waponya m'damu, kaya ndi madeya, manyowa a nkhuku kapena feteleza, sichizimirira. Walira mvula walira matope; wofuna nsomba zonenepa ayenera kukonzekeranso zonyansa zomwe zimatsagana ndi chakudya.

Kusiyana kwake n'kwakuti m'damu nitrate sachedwa kudyedwa ndi tizomera ting'onoting'ono tomwe timabiriwitsa madzi. Tizomerati ndi chakudya chabwino cha makumba, n'chifukwa chake alimi amathira manyowa. Koma tikachulukitsa, usiku timapikisana ndi nsomba popuma okosijeni, ndipo tikafa nthawi imodzi timawola n'kumaliza mpweya wotsalawo. Ngoziyi imakula mu Okutobala ndi Novembala, pamene madzi aphwera ndiponso atentha, pakuti madzi ofunda amasunga mpweya wochepa ndipo amoniya amaluma kwambiri. Mlimi yemwe wasamalira nsomba kwa miyezi isanu atha kudzuka m'mamawa n'kuzipeza zikuyandama, ndalama za mbewu ya nsomba, za chakudya ndi za fizi ya ana zitapita usiku umodzi.

Pozindikira kuti alimi ambiri alibe zipangizo zoyezera madzi, iye anapereka njira ziwiri zosalira ndalama. Yoyamba ndi kuviika mkono m'damu mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, madzi alibe chonde ndipo manyowa akufunika. Ngati chikungooneka mwa chizimezime, zinthu zili bwino. Koma chikabisika madzi asanafike pakati pa mkono, mlimi aleke kaye kuthira manyowa. Yachiwiri ndi kulawirira ku damu dzuwa lisanatuluke. Nsomba zikaunjikana pamwamba n'kumayasamula kukamwa, ndiye kuti mpweya wachepa. Tsiku limenelo mlimi asadyetse nsomba, atulutse madzi ena, makamaka a pansi, ndi kulowetsa atsopano.

Mlangiziyu analangizanso kuti chakudya chiziperekedwa pamalo amodzi ndi pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, kuti mlimi aziona ngati chikutha. Akakolola nsomba, aumitse damu mpaka matope a pansi atang'aluka, ndipo matope owonjezera awatengere kudimba.

Mfundo yomwe inakopa chidwi cha ambiri inali ya komwe madzi otulutsidwawo amapita. Oweta nsomba za m'nyanja yamchere amangowataya chifukwa mcherewo ungaononge nthaka, pomwe mlimi wa kuno ali ndi mwayi: madzi a m'damu lake ndi feteleza wa mpiru, rape, tomato ndi nthochi. Kuwalozetsa kudimba kumachepetsa ndalama zogulira feteleza komanso kumateteza mitsinje. Iye anachenjeza kuti madzi otere, pamodzi ndi makola ndi milu ya manyowa, zisayandikire zitsime. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaika malire a mamiligalamu 50 a nitrate pa lita imodzi ya madzi akumwa, chifukwa akapitirira apo amaika pa chiswe moyo wa makanda.

Pomaliza, iye anapempha makalabu a alimi kuti azilemba m'kope kuchuluka kwa chakudya ndi manyowa omwe athira sabata iliyonse, komanso maonekedwe a madzi. Nsomba zikayamba kufa, mlimi adziwitse mlangizi wa m'dera lake tsiku lomwelo, ndipo kopelo lidzathandiza kupeza pomwe zinthu zinakhotera.