Dothi lathu ndi nkhokwe ya mankhwala



Tonsefe timalidziwa fungo limene limamveka kumunda mvula yoyamba ikagwa. Fungoli limachokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Streptomyces, timene timakhala m'dothi. Polimbirana chakudya, tizilomboti timatulutsa mankhwala opha tizilombo tina. Akatswiri amatenga dothi, n'kuweta tizilomboti mu labotale, kuti aone amene angaphe tizilombo toyambitsa matenda.

Umu ndi mmene mu 1943 a Albert Schatz ndi a Selman Waksman ku America anapezera streptomycin, mankhwala oyamba kuchiza chifuwa chachikulu cha TB. Oxytetracycline amene timabaya ng'ombe ndi mbuzi zathu anachokeranso m'dothi.

Lero matenda ambiri asiya kumva mankhwala akale. Mu 2019 mokha, vutoli linapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse. N'chifukwa chake akatswiri abwereranso kudothi kukafuna mankhwala atsopano, ndipo minda, madambo ndi mapiri ngati athu kuno ku Ntcheu ndiwo malo ofufuzako.

Koma tichenjere. Mu 1949 a Abelardo Aguilar a ku Philippines anatumiza dothi lakwawo ku kampani ya Eli Lilly. M'dothimo munapezeka erythromycin, koma iwo anamwalira osalandira gawo la phindu lake. Dziko la Malawi linalowa m'pangano la Nagoya mu 2014, limene limati wotenga zachilengedwe ayambe wapempha chilolezo, ndipo phindu ligawidwe mwachilungamo.

Choncho tikupempha boma zinthu ziwiri. Choyamba, lipereke ndalama zokwanira kwa akatswiri athu a ku Bunda kuti kafukufukuyu achitike konkuno. Chachiwiri, wina aliyense wodzatenga dothi m'minda mwathu adzere kwa mafumu ndi kumakalabu a alimi, ndipo mgwirizano ulembedwe.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Tileke kutentha mapesi, tithire manyowa, chifukwa tizilomboti timadya zinyalala zowolerana. Tisabaye ziweto mwachisawawa: tifunse mlangizi wa ziweto, timalize mankhwala monga watiuzira, ndipo tidikire masiku olembedwa pabotolo tisanagulitse mkaka kapena nyama.

Timati chuma chili m'nthaka. Tiyeni tichisamale, tisachipereke ulele.