Sayansi imalowera m'manja

Lero ndili ku Hillhead kuno ku Glasgow, chapafupi ndi Byres Road.

Ine kumudzi sayansi ndinaiphunzira pa bolodi. Aphunzitsi ankajambula test tube ndi choko, ife n'kumaloweza kuti asidi amafiiritsa litmus. Mayeso ndinakhoza, koma kunena zoona, sindinkamvetsa kanthu.

Chaka chatha ndinatenga mwana wa achemwali anga, wazaka 9, kupita naye ku Glasgow Science Festival, yomwe inayamba mu 2007 ndipo nthawi zambiri imachitika mu June. Kumeneko ana amagwira okha zipangizo, osangoonerera ayi.

Titafika kunyumba anandikakamiza kuti tiyesenso. Tinawiritsa kabichi wapepo, madzi ake n'kugawa m'makapu awiri. Kapu ina tinathiramo viniga, madzi anafiira. Inayo tinathiramo soda, yemwe uja wophikira therere, madzi anabiriwira.

"Malume, chifukwa chiyani?"

Apa mpamene ndinamvetsa za litmus zija: kabichiyu ali ndi utoto umene umasintha ukakumana ndi asidi kapena alkali.

Ndiye amene muli ndi ana kapena ang'ono anu, musadikire labu. Yesani kukhitchini Loweruka lino, mudzatiuze zomwe mwaona.