Mau Asanu ndi Awiri Oyenera Kuwadziwa pa Jubile



Ana ambiri amamva maina ena akutchulidwa m'tchalitchi, koma osadziwa mwini dzina kapena chimene chinachitika. Nchifukwa chake mau asanu ndi awiri alongosoledwa lero mwachidule, ndi kulembedwa m'buku lino, kuti wosowa womfunsa akafunse pepala.

JUBILE. Liwu limeneli linachokera ku Chihebri, ku dzina la nyanga ya nkhosa yamphongo imene ankaiomba ngati lipenga. Buku la Levitiko, mutu 25, limalamula kuti chikakwana chaka cha 50 Aisraele ogwidwa ukapolo amasulidwe, ndipo munda wogulitsidwa chifukwa cha umphawi ubwerere kwa eni ake. Zaka 100 tsono ndi majubile awiri.

SILVEIRA. Padre Gonçalo da Silveira, wa chipani cha Ajezuiti, anakwera mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1560, nadzera ku Sena ndi ku Tete, mpaka anafika ku likulu la Mwenemutapa. Patangopita masabata ochepa, anabatiza mfumu pamodzi ndi amayi ake. Koma amalonda ena anamneneza kuti ndi kazitape ndiponso mfiti, ndipo m'mwezi wa Malichi 1561 mfumu yomweyo inalamula kuti aphedwe. Mtembo wake anauponya mu mtsinje wa Musengezi. Ubatizo unathamanga, chiphunzitso chinatsalira m'mbuyo.

POMBAL. Iyeyu anali nduna yaikulu ya mfumu ya ku Portugal, ndipo m'chaka cha 1759 anapirikitsa Ajezuiti m'maiko onse a ufumuwo. M'chaka cha 1834 boma linatsekanso zipani za amonke, Adominiko nawonso anatha m'chigwa cha Zambezi. Popeza chikhristu chinali cha m'matauni a Sena, Tete ndi Zumbo, osazika mizu m'midzi, chinafota msanga. David Livingstone pofika ku Zumbo m'chaka cha 1856 anangopeza mabwinja a tchalitchi ndi belu losweka.

BOROMA. Ajezuiti atabwerera, anatsegula mishoni ya Yosefe Woyera ku Boroma, pafupi ndi Tete, m'chaka cha 1885, naphunzitsa ana kuwerenga ndi ntchito za manja. Pambuyo pake anafika ku Miruru, kufupi ndi Zumbo, ndi ku Lifidzi ku Angónia. M'chaka cha 1910 ufumu unagwa ku Portugal, ndipo boma latsopano linawapirikitsanso. Ena anaoloka Luangwa nakatsegula mishoni ya Katondwe, m'dziko limene lero ndi Zambia.

WIRIYAMU. Dayosizi ya Tete inakhazikitsidwa m'chaka cha 1962, italekanitsidwa ndi ya Beira, ndipo episkopi woyamba anali Félix Niza Ribeiro. Dayosiziyo inakulira m'nkhondo. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a boma la atsamunda anapha anthu mazanamazana m'midzi ya Wiriyamu, Juwau ndi Chawola. Ansembe a chipani cha Burgos anasonkhanitsa umboni wa opulumuka ndi maina a akufa, ndipo Padre Adrian Hastings anaulengeza m'nyuzipepala ya The Times ku London mu Julayi 1973. Popanda amene analemba, imfa zimenezo zikadakwiririka.

BEIRA, 1977. Ufulu utafika pa 25 Juni 1975, boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, amishonale ambiri nachoka. Pamenepo Eklezia wa m'Mozambique anachita msonkhano waukulu ku Beira m'chaka cha 1977, nagwirizana kuti moyo wa chikhristu ukhale m'magulu aang'ono a m'midzi, ndi kuti ntchito zigawidwe pakati pa akhristu eni ake: wina wotsogolera mapemphero a Lamulungu, wina wophunzitsa a kalasi, wina woyendera odwala, wina woika maliro. Nkhondo ya pachiweniweni itabalalitsa anthu a kuno, ena kuthengo, ena ku Ukwimi, kumene nthawi imeneyo kunali m'boma la Petauke, magulu amenewa ndiwo anasunga chikhulupiriro kufikira mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okotobala 1992.

CHAPOTERA. Awa ndi malo a pafupi ndi Lifidzi. Pa 30 Okotobala 1985 Ajezuiti awiri, Padre João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia, ndi Padre Sílvio Alves Moreira, wa ku Portugal, anatengedwa usiku ndi anthu a zida naphedwa. Onse awiri anali atasankha kukhala ndi nkhosa zawo pa nthawi yoopsa. Dayosizi ya Tete inatsegula kafukufuku wa moyo ndi imfa yawo, kuti Eklezia aone ngati angalembedwe m'gulu la odala.

Woika mau amenewa pamodzi aona chinthu chimodzi. Katatu konse dziko la Tete linasowa ansembe: itapita 1759, itapita 1910, ndiponso itapita 1975. Ulendo woyamba kunatsala belu losweka, chifukwa panalibe wa pamudzi wophunzitsa anzake. Ulendo wachitatu kunatsala akhristu opemphera pansi pa mitengo, chifukwa ntchito inali itagawidwa. Palibe angalonjeze kuti ansembe sadzasowanso. Tsono mphakati uliwonse umene lero ulibe katekista wachinyamata wophunzira pambali pa wachikulire usankhe mmodzi chaka chino chisanathe, ndipo makolo asamkanize.

Mulungu adalitse amoyo, apatse mpumulo wosatha onse amene atchulidwa pano, ndi iwo amene maina awo sanalembedwe. Amen.