Mpamba ndi Mbeu ya Wamalonda

Mau kwa atsogoleri a nthambi ndi a madera, ndiponso kwa antchito a Boma m'boma la Mchinji



Boma la Mchinji lili pamalo amene maboma ambiri amasirira. Mseu waukulu wochokera ku Lilongwe umadzera pa Kamwendo ndi pa Boma nukafika pachipata cha m'malire, pamene kutsidya kwake kuli Mwami ndi mzinda wa Chipata. Njanji inafika ku Mchinji m'chaka cha 1980, ndipo inalumikizidwa ndi Chipata mu 2010. M'mwezi wa Disembala 2022 atsogoleri a Malaŵi ndi Zambia anatsegula chipata chimodzi chimene maiko aŵiriŵa amagwirirapo ntchito pamodzi, kotero kuti wapaulendo saimanso kaŵiri. Nthaka nayo imabereka mtedza, soya, chimanga ndi fodya.

Pokhala kuti mwai ulipo wotere, n'chifukwa chiyani okala imene imatsegulidwa mu Juni, ndalama za mtedza zili m'thumba, imapezeka yotseka pofika Febuluwale? Ogula sanasamuke, ndipo mseu sunasunthe. Chimene chimachitika kaŵirikaŵiri n'chakuti mwini wake wadya mpamba. Mlimi aliyense wa kwa Mkanda kapena kwa Mlonyeni amadziŵa kuti ngakhale njala ikule chotani, mbeu yosungira dzinja saikazinga. Mpamba ndiyo mbeu ya wamalonda, ndipo malangizo onse a malonda okhalitsa atsamira pa kuisunga.

Phunziro limeneli si lachilendo m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1970, amalonda achimwenye atalamulidwa kuchoka m'midzi kupita m'mizinda, sitolo zambiri zinatsala m'manja mwa Amalaŵi. Nyumba zinalipo, ogula analipo, Chipiku yopikulako katundu inaliponso. Komabe sitolo zambiri zinatsekedwa, pakuti kukhala ndi sitolo ndi kudziŵa kuiyendetsa n'zinthu ziŵiri zosiyana. Mabungwe monga DEMATT mu 1979 ndi SEDOM mu 1982 anakhazikitsidwa kuti aziphunzitsa ndi kubwereketsa amalonda ang'onoang'ono. Mibadwo yasintha, koma matenda ake ndi omwewo.

Choyamba, thumba la malonda lisiyane ndi thumba la pakhomo. Wamalonda wanzeru amadzidulira malipiro ake pamwezi monga wantchito wina aliyense, ndipo ndiwo, fizi ya ana ndi chipepeso cha pamaliro zimachokera m'malipiro amenewo. Sopo wotengedwa pashelefu kupita naye kunyumba alipiridwe, ngakhale womtengayo akhale mwini sitolo kapena mkazi wake. Kuthandiza abale ndi mwambo wabwino wa makolo, koma sitolo ikagwa, mbale amene anathandizidwa lero adzasoŵa koloŵera maŵa.

Chachiŵiri, zonse zilembedwe. Kope la sukulu ndi cholembera n'zokwanira: tsamba lina katundu woloŵa ndi mtengo wake, lina zogulitsidwa tsiku lililonse, lina zoonongedwa paulendo, pa msonkho, pa lendi ndi pa chiphaso cha msika, lina ngongole. Munthu wopita kukaoda zitenje ku Chipata amakumbukira bwino mtengo wa chitenje, koma amaiŵala minibasi, kabaza, nsima ya panjira ndi zimene wataya posintha ndalama. Zimenezi zikapanda kuloŵa m'mtengo wogulitsira, zimatuluka mu mpamba mwakachetechete.

Chachitatu, ndipo ichi chikhudza makamaka anthu a m'malire, mpamba uziŵerengedwa m'katundu, osati m'makwacha. Malaŵi ndi Zambia onse amatcha ndalama yao kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana ndipo zimasinthasintha. Kwacha ya Malaŵi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Mwachitsanzo, mai amene anapikula zinthu khumi pa K10,000 chimodzi, nazigulitsa pa K12,000, anaona ngati wapindula K20,000. Koma ngati mtengo wopikulira unatsata dola n'kufika pa K14,400, ndiye kuti K120,000 yake inangokwanira zinthu zisanu ndi zitatu. M'manja ndalama zinachuluka, pashelefu katundu anachepa. Chifukwa chake mtengo wogulitsira uzichokera pa mtengo umene katundu adzaguliridwe ulendo wotsatira, osati umene anaguliridwa ulendo wapita. Phindu lenileni ndi limene latsala shelefu itadzazanso monga kale.

Chachinai, ngongole ikhale ndi malire, yopereka ndi yotenga yomwe. Sitolo zambiri sizinagwe ndi akuba, zinagwa ndi mau akuti "ndidzapereka mwezi ukatha." Wamalonda amene amachita manyazi kukana kapena kulonjerera akumbuke kuti mbeŵa ya manyazi inafera kuuna. Kumbali ya kukongola, katapila ndi msampha, pakuti palibe golosale imene phindu lake lingapose chiwongoladzanja cha katapila. Banki m'khonde ndi mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama, monga amene ali pansi pa MUSCCO imene inayamba mu 1980, amathandiza munthu amene anayamba wasunga. Ngongole yabwino ndi yogulira katundu amene ogula ake akudziŵika kale. Yogulira wailesi ndi mipando ya pabalaza ndi goli.

Chachisanu, katundu adzere pachipata. Ambiri amazemba kudzera njira za kutchire zimene anthu amazitcha Zalewa, poganiza kuti msonkho ungawamalize. Koma kuyambira mu 2010 Malaŵi ndi Zambia akutsata ndondomeko ya COMESA yopeputsira malonda ang'onoang'ono a m'malire. Katundu wopangidwa kapena wolimidwa m'maiko aŵiriŵa, amene ali pa mndandanda umene maiko anagwirizana, ndipo mtengo wake sukupitirira malire amene anaikidwa, amaloŵa wopanda msonkho wa kasitomu, polemba zikalata zachidule pachipata pomwepo. Misonkho ina ya m'dziko imalipiridwabe pamene lamulo latero, ndipo mbeu zina zimafuna chilolezo zisanatuluke. Wamalonda afunse zimenezi asananyamule katundu. Wozemba amalipira womuonetsa njira, wonyamula, ndi aliyense womuimitsa mumdima, ndipo tsiku limene agwidwa, katundu yense amalandidwa. Kuika mpamba wonse pachiswe chifukwa chothaŵa kulemba pepala si kuchenjera ai.

Chachisanu ndi chimodzi, dzina labwino ndi mbali ya mpamba. Mtedza wa Chalimbana unatchukitsa Malaŵi m'misika ya ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, koma msika umenewo unadzatayika, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chuku. Chuku chimakula mtedza ukasungidwa usanaume, kapena ukathiridwa madzi kuti usendeke msanga ndi kulemera pasikelo. Alimi a bungwe la MASFA kuno ku Mchinji, limene lili pansi pa NASFAM, anasonyeza kuti dzina lotayika likhoza kubwerera: anasamala kaumitsidwe ndi kasankhidwe, analandira chiphaso cha Fairtrade mu 2004, ndipo mtedza wao unagulitsidwa m'sitolo za ku Britain. Zimene mlimi mmodzi sakadatha, gulu linatha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tsono venda amene amakhotetsa sikelo pa Kapiri kapena pa Waliranji adziŵe kuti wapindula chaka chimodzi chokha. Chaka chamaŵa alimi adzampita pambali.

Chotsiriza, malonda akule ndi phindu lake. Munthu akangoona kuti golosale yayamba kuyenda, mtima umamuuza kuti agule minibasi, atsegule chigayo, ayambenso malo omwera moŵa, zonse chaka chimodzi. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Choyenera n'kulimbitsa chimodzi, kusungako ndalama zodzapirira nazo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene anthu a m'midzi sagula, ndi kuphunzitsa mkazi, mwamuna kapena mwana kasungidwe ka kope, kuti mwini akadwala kapena akamwalira, sitolo isatsekedwe pamodzi ndi manda.

Atsogoleri ndi antchito a Boma ali ndi mbali yao pa zonsezi. Ambiri mwa maina olembedwa m'makope a ngongole ndi a anthu olandira malipiro pamwezi. Mphunzitsi, kalaliki kapena mlangizi amene watenga shuga pa ngongole alipire tsiku limene analonjeza. Mtsogoleri asatenge katundu m'sitolo ya munthu podalira udindo wake, pakuti kutero ndiko kukazinga mbeu ya mnzake. Wantchito wa pachipata amene amafotokoza lamulo momveka, mwaulemu ndi mosayembekeza kanthu, amabweza anthu ambiri ku Zalewa kuposa chilango chilichonse. Ndipo wantchito amene akuyembekeza kupuma, naganiza zotsegula sitolo ndi ndalama zake za penshoni, ayambe pang'ono lero, aphunzire akadali pa malipiro, chifukwa ndalama zimenezo zimabwera kamodzi kokha.

Pamisonkhano ya nthambi, m'misika ndi m'magulu a amai, uthenga ukhale umodzi: phindu lidyedwe mwanzeru, mpamba usakhudzidwe. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Okala ya lero ikasungidwa bwino ndiyo sitolo ya zaka zikudzazi, yolemba ntchito ana a m'mudzi momwemo ndi kugula zokolola za alimi pa sikelo yoona.