Manja a Madokotala a ku Vienna

Chipatala chachikulu cha mumzinda wa Vienna, m'dziko la Austria, chinali ndi nyumba ziwiri zochiliramo amayi. M'nyumba yoyamba munkagwira ntchito madokotala ndi ophunzira awo, pamene m'nyumba yachiwiri munali azamba. Amayi ankagonekedwa kuno kapena uko malinga ndi tsiku limene afikira. Koma pakati pa 1841 ndi 1846, mwa amayi 100 alionse ochilira kwa madokotala, pafupifupi 10 ankamwalira ndi nthenda yotentha thupi, chonsecho kwa azamba ankamwalira pafupifupi 4. Mbiriyi inawanda, kotero kuti amayi ena ankachita kugwada popempha kuti asawapereke kwa madokotala.

Dokotala Ignaz Semmelweis, mbadwa ya dziko la Hungary, anasautsidwa mtima ndi imfazi. Iye anayamba kupenda chimodzichimodzi zinthu zonse zimene zikanatha kusiyana pakati pa nyumba ziwirizo. Zinthu zotere, zimene zingasinthe kapena kusinthidwa, akatswiri a kafukufuku amazitcha ma variable. Tsono ganizo lakuti chakutichakuti ndicho chikubweretsa vuto, ganizo limene liyembekeza umboni, amalitcha hypothesis.

Ena ankati chikupha amayi ndi mpweya woipa, koma nyumba zonse ziwiri zinali pamalo amodzi. Ena ankati ndi kuthithikana, koma kothithikana kwambiri kunali kwa azamba. Enanso ankaloza chala wansembe amene ankadutsa ndi belu popita kwa odwala kwakayakaya, amvekere amayi akufa ndi mantha. Semmelweis anapempha wansembeyo kuti azidzera kwina, belu ali chete, koma imfa sizinachepe. Anasinthanso kagonedwe ka amayi pochira, kuti azigonera m'mbali monga kwa azamba, osaphula kanthu.

Mu Marichi 1847 mnzake Jakob Kolletschka anachekedwa chala ndi mpeni popima mtembo, ndipo anamwalira ndi zizindikiro zofanana ndi za amayi aja. Apa Semmelweis anatulukira kusiyana kumene kunatsala: madokotala ndi ophunzira ankapima mitembo m'mawa, kenaka n'kukagwira amayi, pamene azamba sankakhudza mitembo. Ganizo lake linali lakuti manja akunyamula kanthu kakupha kochokera ku mitembo. Ngati zinalidi choncho, kutsuka manja kunayenera kuchepetsa imfa. Zikanapanda kuchepa, ganizolo likanagwa monga anzake aja.

Mu Meyi chaka chomwecho analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire mayi. Mu Epulo amayi 18 mwa 100 anali atamwalira m'nyumba ya madokotala. Pofika Juni chiwerengerocho chinatsika kufika pa awiri okha.

Madokotala ambiri anakana kukhulupirira kuti manja awo angaphe munthu, pakuti nthawiyo za tizilombo toyambitsa matenda zinali zisanadziwike bwino. Semmelweis anamwalira mu 1865 anzake asanamuvomereze.

Njira yakeyo ndiyo imene wofufuza aliyense ayenera kutsata: kutchula ganizo momveka, kusintha chinthu chimodzi zina zonse zili chikhalire, kuwerenga zotsatira, ndi kutaya ganizolo likalephera. Ngakhale mlimi amene wasintha mbewu, feteleza ndi tsiku lobzala m'chaka chimodzi sangadziwe chimene chadzaza nkhokwe yake. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.