Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potseka Maphunziro a Achinyamata Olemba Mapulogalamu a Kompyuta ku Kasenengwa

 

Boma lathu la Kasenengwa ndi la dzulodzuloli. Linadulidwa ku Chipata mu 2018. Boma latsopano limafuna makaundula akeake: wa alimi olandira feteleza wa FISP, wa ana asukulu, wa odwala, wa magulu opempha ndalama za CDF. Makaundulawa akuchoka m'mabuku kulowa m'kompyuta, ndipo odzawamanga ndi ana ali patsogolo pathuwa. Makolo, mundilole ndilowe pang'ono m'ntchito yawo. Ndiyenda pang'onopang'ono kuti tisatayane.

Kaundula wa m'kompyuta, amene anawa amati database, amasunga zinthu m'matebulo a mizere ndi makolamu, potsata nzeru imene Edgar Codd wa ku IBM anafalitsa mu 1970. Koma wolemba pulogalamu saganiza za matebulo. Iye amalemba class ya Munthu, yokhala ndi dzina, tsiku lobadwa, mudzi ndi nambala ya reji. Akafuna class ya Mlimi salembanso zonsezo: amangoti Mlimi atengere kwa Munthu, n'kuwonjezera kukula kwa munda ndi dzina la koparetivu. Kutengera kumeneku ndiye inheritance, imene Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard a ku Norway anaika m'chilankhulo cha Simula mu 1967. Tsono tebulo silidziwa kholo (Munthu), silidziwa mwana (Mlimi). Pakati pa ziwirizi pamaima zida za ORM, monga Hibernate imene Gavin King anayamba mu 2001, SQLAlchemy, kapena ya mu Django.

Ana anga, chida chikakufunsani kuti kholo ndi mwana muwasunge motani, njira zodziwika ndi zitatu, ndipo Martin Fowler anazifotokoza m'buku lake la mu 2002. Yoyamba, onse alowe tebulo limodzi, kolamu imodzi izinena kuti uyu ndi mlimi, uyu ndi mphunzitsi. Imafulumira, koma mipata yambiri imakhala yopanda kanthu, ndipo simungalamule tebulo kuti kolamu ya koparetivu isasiyidwe, poti mphunzitsi alibe choti alembepo. Yachiwiri, Munthu akhale ndi tebulo lake, Mlimi lake, nambala imodzi iwalumikize. Ndi yaudongo, koma pofuna mlimi mmodzi kompyuta imayamba yalumikiza matebulo, ndipo mibadwo ikafika inayi kapena isanu, kalaliki amayamba kuyasamula mzere uli panja. Yachitatu, mwana aliyense akhale ndi tebulo lathunthu. Apo mukafuna munthu ndi nambala ya reji mufufuza matebulo onse, ndipo mukawonjezera nambala ya foni musintha paliponse. Palibe njira yaulere. Musankhe mukudziwa chimene mukulipira.

Komabe chachikulu chimene ndabwerera si kusankha tebulo ayi. Ndi funso loyamba: kodi apa pakufunikadi kutengera? Inheritance ili ngati mfunda. Wobadwa Jere adzaikidwa ali Jere, wobadwa Phiri chimodzimodzi. Koma ulimi si mfunda, ndi ntchito. Taganizani mayi wa kwa Madzimawe: amalima nshawa ndi soya, ndiye msungichuma wa koparetivu, amathandiza pa sikelo ya ana, ndipo malungo akamugwira ndi wodwala. Mukapanga Mlimi, Msungichuma, Wothandiza ndi Wodwala kukhala ana anayi a Munthu, mayiyu mumuika pati? Zida zambiri za ORM zimafuna kuti mzere umodzi ukhale wa class imodzi. Mapeto ake mudzamulemba kanayi. Akasamuka mudzi mudzakonza pamodzi n'kuiwala patatu, ndipo tsiku logawa feteleza dzina lake lidzakanidwa, kapena lidzatuluka kawiri mnzake n'kubwerera chimanjamanja.

Akatswiri nawonso anapunthwapo pamenepa. OpenMRS, pulogalamu ya makaundula a zipatala imene inayamba mu 2004 ndipo yagwira ntchito ku Eldoret m'dziko la Kenya ndi ku Neno kwa anansi athu a ku Malawi, imagwiritsa ntchito Hibernate. Mmenemo Patient amatengera kwa Person, aliyense ndi tebulo lake. Poyamba User, wolowa m'pulogalamu ndi pasiwedi, ankatengeranso kwa Person, koma pambuyo pake anazimasula: lero User amangoloza kwa Person. Inunso muzitero. Munthu alembedwe kamodzi, maudindo ake akhale m'tebulo lina lomuloza, lonena tsiku loyamba ndi tsiku losiya.

Kulekanitsa kotere kumatetezanso ulemu wa anthu. Dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la mu 2021. Mukaunjika za munda ndi za matenda m'tebulo limodzi chifukwa ndiyo njira yachidule, wogawa feteleza adzawerenga zimene zinayenera kuthera kwa nesi.

Musakhulupirirenso chida mutatsinzina. ORM imakulemberani SQL, koma muziitsegula n'kuwerenga. Mzere umodzi wooneka wosalakwa ungatumize mafunso mazanamazana ku database, limodzi pa mlimi aliyense. Ku Lusaka mwina sangazindikire. Kuno, kumene netiweki imabwera n'kupita, ntchito yaima basi. Ndipo musanalembe class ngakhale imodzi, kakhaleni pansi ndi alangizi a zaulimi, manesi ndi alembi a mafumu, akuuzeni mmene anthu amasinthira maudindo. Safunsa anadya phula.

Kwa inu a khonsolo ndi atsogoleri a makoparetivu, pempho langa ndi ili: ntchito ya kaundula ikapezeka, yambani mwayesa ana awa musanaitane a kutali. Aphunzitsi, mwagwira ntchito yotamandika. Makolo, zikomo powalola kusiya khasu masiku ena kuti adzaphunzire.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsekedwa, ndipo ndapempha wapampando wa mwambo uno aitane mayina a olandira masetifiketi.