Pepala Lozindikira Vairasi ya Zika



Mavairasi ambiri amasunga malangizo a moyo wao m'kaulusi kosaoneka ndi maso kochedwa RNA. M'caka ca 2016, pamene udzudzu unali kufalitsa vairasi ya Zika ku Brazil ndipo makanda ena anali kubadwa ndi mitu yaing'ono, James Collins ndi anzake ku America anakonza pepala lozindikira kaulusi kameneka. Papepalapo anaumitsirapo zinthu zocokera m'mabakiteriya. Dontho lokhala ndi RNA ya Zika likagwerapo, pepala lacikasulo linali kusanduka mtundu wa maluwa a jakaranda.

Koma panali bvuto, ndipo ndifuna mulimvetse bwino. M'magazi a wodwala RNA imeneyi imakhala yocepa kwambiri, kotero kuti pepala palokha silikanasintha mtundu. Taganizani mai wapakati akuuzidwa kuti ali bwino pamene matenda ali m'thupi mwake! Mwana mmodzi akaomba m'manja kutsidya kwa dambo simungamumve. Ikaomba sukulu yonse, ngakhale agogo amaceuka. Conco akatswiriwo anayamba acurukitsa RNA ija ndi njira yochedwa NASBA, imene imakopera kaulusi kamodzi kambirimbiri. Atatero, pepala linayamba kuzindikira Zika ngakhale m'magazi a nyani wodwala.

Aphunzitsi, phunziroli likatha, donthezani inki kamodzi m'ndowa yodzala madzi. Ana aone ngati mtundu wasintha, ndipo awerenge madontho kufikira utaonekera.